Ana inu, lekani kusewera ndi mtanda ndi lupanga pa foni

Ndakhala chete nthawi yaitali, lero ndilankhule. Mdzukulu wanga wandionetsa zithunzi zomwe anyamata ena mukutumizirana pa WhatsApp ndi pa Facebook: msilikali wovala zitsulo, mtanda wofiira pachifuwa, lupanga m'manja, pansi pake mawu akuti Deus vult ndi chipongwe chonyoza Asilamu. A mbali inayo nawonso akubweza mwano. Kodi chimene mukuombera m'manjacho mukuchidziwa?

Mfuu ya Deus vult imeneyo imatanthauza kuti Mulungu wafuna, ndipo ndi ya nkhondo za mtanda zofuna kulanda Jerusalem m'manja mwa Asilamu, zomwe Papa Urban II anamema ku Clermont, m'dziko la France, mu 1095. Asanaone nkhope ya Msilamu ndi mmodzi yemwe, magulu ena a ankhondowo anali atapha kale Ayuda ku Worms ndi ku Mainz, mizinda ya ku Germany, mu 1096. Atalanda Jerusalem mu 1099 anapha Asilamu ndi Ayuda a mumzindamo, amayi ndi ana omwe. Patangopita zaka 88, Saladin, mtsogoleri wa Asilamu, anaulandanso.

Inu amene mumati ankhondo a mtandawo ankatchinjiriza Chikhristu, mverani ya 1204. Ankhondowo ananyamuka ulendo wa ku Egypt, koma anali ndi ngongole ya zombo kwa anthu a ku Venice, mzinda wa ku Italy, mapeto ake anakhotera ku Constantinople, mzinda wa Akhristu anzawo. Masiku atatu akufunkha! Analowa m'tchalitchi chachikulu cha Hagia Sophia nkuphwanya guwa, kugawana golide ndi siliva. Mahatchi anayi amkuwa omwe anatenga kumeneko ali ku Venice mpaka lero. Bala limenelo linakana kupola, moti mu 2001 Papa John Paul II anachita kupepesa kwa Akhristu a mpingo wa Orthodox ku Athens, m'dziko la Greece, patatha zaka pafupifupi 800. Moto woyatsira mnzako m'chilimwe sufunsa kuti tchire ili ndi la yani.

Musati ndi zakale izi. Munthu uja anapha anthu 51 m'mizikiti iwiri ku Christchurch, m'dziko la New Zealand, mu 2019 anali atalemba pamfuti zake maina a nkhondo zakale zolimbana ndi Asilamu. Nayenso anakhuta nkhani zotere pa intaneti.

Kwathu kuno, pitani ku Mangochi kapena ku Machinga, banja limodzi mupezamo wopita ku mzikiti Lachisanu ndi wopita ku tchalitchi Lamulungu, ndipo maliro akagwa amakhuza limodzi. Mnzanu mukumutukwanayo mwina ndi msuweni wanu. Fufutani zithunzizo lero lomwe, ndipo wina akakutumizirani, mumuuze m'maso kuti asiye.