Tanzania ndi Mozambique: Kafukufuku wa Nyanja Yamchere Wapindulira Ndani?

Maiko a Tanzania ndi Mozambique ali m'mphepete mwa nyanja imodzi ya Indian, ndipo onse awiri ali ndi mayunivesite amene akhala akufufuza za m'nyanjamo kwa zaka zambiri, koma phindu la kafukufukuyo silinafike kwa anthu wamba mofanana.

Yunivesite ya Dar es Salaam inakhazikitsa malo ofufuzira za m'nyanja otchedwa Institute of Marine Sciences ku Zanzibar mu 1978. Pulofesa Keto Mshigeni wa payunivesiteyi analimbikira kuti ndere za m'nyanja zizilimidwa ngati mbewu, ndipo mu 1989 ulimiwu unayamba m'midzi ya Paje ndi Jambiani. Madzi akabwerera kuya, amayi amalowa m'nyanja n'kumamangirira tizidutswa ta ndere pa zingwe zokungidwa pakati pa zikhomo, ndipo pakatha milungu pafupifupi 6 amakolola, kuyanika padzuwa ndi kugulitsa kwa amalonda otumiza kunja. Madzi atayamba kutentha, mtundu wa ndere wotchedwa cottonii, umene mtengo wake ndi wabwinoko, unayamba kufa, ndipo Dr Flower Msuya ndi ofufuza anzake anabwereranso kwa alimiwo kukayesa nawo ulimi wa m'madzi akuya ndi kuwaphunzitsa kupanga sopo wa ndere. Chimene ndimayamikira kwambiri n'chakuti ofufuzawo sanawataye alimi pamene mbewu inavuta, ngakhale kuti m'madzi akuya mumafunika boti ndi luso losambira, zimene amayi ambiri alibe.

Ku Mozambique nako kafukufukuyu anayamba kale, chifukwa malo ofufuzira a pachilumba cha Inhaca anatsegulidwa mu 1951, m'nthawi ya Apwitikizi, ndipo tsopano ali m'manja mwa Yunivesite ya Eduardo Mondlane, yomwe ilinso ndi sukulu ya zam'nyanja ku Quelimane. Mphamvu ya akatswiri ake, monga Salomão Bandeira, yagona pa kuteteza udzu wa pansi pa nyanja ndi nkhalango za mangrove (mitengo yomera m'madzi amchere m'mphepete mwa nyanja), momwe nsomba ndi nkhanu zimakulira. Nkhondo yapachiweniweni imene inatha mu 1992 inabwezera ntchitoyi m'mbuyo, choncho sichingakhale chilungamo kuwaweruza mwankhanza, ndipo aliyense amene anaona mmene namondwe wa Idai anasakazira mzinda wa Beira mu 2019 sangaipeputse ntchito yoteteza gombe.

Komabe ine ndikuona kuti Tanzania yachita bwino koposa. Mayi amene amalipirira ana sukulu ndi ndalama za ndere safunika kuuzidwa kuti asamale nyanja, pamene msodzi wosauka wa m'chigawo cha Zambézia ku Mozambique, akaletsedwa kudula mangrove popanda kumuonetsa kwina kopezera ndalama, amapitabe kukadula kuti awotche makala.