Temberero lomwelo, koma England ndi Scotland ankaweruza mosiyana

Pali mawu ena achingelezi akalekale oti forspeak, lero olo mzungu weniweni mutamufunsa akhoza kungokuyang'anani. Ku England ankatanthauza kuletsa munthu kuchita chinthu komanso kumulodza ndi pakamwa, pomwe ku Scotland anakakamira kwambiri pa zolodzazo, makamaka kuyamikira mwana kapena ng'ombe mopyola muyezo mpaka kudwala. Ku zilumba za Orkney anali ndi madzi akeake osambitsira chiweto chomwe achilodza chonchi.

Nde maiko awiriwa ndi oyandikana, onse anakhazikitsa lamulo la ufiti chaka chimodzi, 1563, koma zomwe zinatsatira eee zosiyana kwabasi. Ku Scotland anthu pafupifupi 4,000 anaimbidwa mlandu wa ufiti, ophedwa akuti cha m'ma 2,500, ambiri azimayi, ankawafinya pakhosi kenako nkuwotcha mtembo. Ku England komwe anthu anali ochuluka kwambiri kuposa ku Scotland, ophedwa anali cha m'ma 500 ndipo ankawanyonga ndi chingwe.

Musaganize kuti a ku England anali a mtima wabwino ayi, ufiti ankaukhulupirira chimodzimodzi. Nkhani inali pa woweruza. Kwawoko milandu ikuluikulu ankaweruza majaji ochokera ku London omwe ankazungulira m'maboma, alendo oti agogo akuimbidwa mlanduwo sanakanganepo nawo za malire a munda. Ku Scotland zambiri zinkayambira kwa akulu ampingo a pamudzi pomwepo, boma nkungopereka chilolezo kuti anthu a m'deralo aweruze okha, munthu nkumamukaniza tulo masiku angapo mpaka avomere zoti ankavina ndi satana. Komanso mfumu yawo James VI inazilowerera yokha pa milandu ya ku North Berwick mu 1590, nde wamba akanatani.

Ine pamenepa ndaima ndi England, osati kuti manja awo ndi oyera koma mneba wako sayenera kukhala jaji wako. Zija za ku Neno mu 2016, agogo anayi kuphedwa chifukwa mphenzi yapha mtsikana, oweruza anali apamudzi omwewo.

Wotsiriza kuphedwa pa mlandu wa ufiti ku Scotland anali Janet Horne ku Dornoch mu 1727. Mu 1736 lamulo latsopano linayamba kugwira ntchito maiko onse awiri, mlandu unasanduka kunamizira kuti uli ndi mphamvu za ufiti, maganizo omwe atsamunda anabwera nawo kuno mu Witchcraft Act ya 1911 yomwe tikuigwiritsabe ntchito. Scotland inadzapepesa za milandu ya ufitiyi pa 8 Malichi 2022 kudzera mwa Nicola Sturgeon, yemwe anali mtsogoleri wa boma lake nthawi imeneyo.