Inu ogula maluwa ozulidwa m'nkhalango, mulibe manyazi?

Mdzukulu wanga wa ku Manchester wanditumizira chithunzi cha duwa la orchid, lija lamlomo wa silipasi, mizu idakali ndi dothi lakuda la m'matanthwe. Akuti waligula pa Facebook kwa munthu wa ku Vietnam, ndipo akunyadira! Ana inu, mutu ukugwira koma?

Mtundu wina wa maluwa amenewa, Paphiopedilum canhii, asayansi anaulengeza mu 2010. Patangopita miyezi 6, anthu anali atauzula pafupifupi wonse m'mapiri a kumpoto kwa Vietnam, n'kumaugulitsa pa kilo ngati bonongwe pamsika. Mnzake Paphiopedilum vietnamense anadziwika mu 1999, naye anaona zomwezo. Paphiopedilum rothschildianum kwawo ndi kumodzi, ku phiri la Kinabalu ku Borneo. Mukamaliza kumeneko mukazula kuti?

Ku Peru, Phragmipedium kovachii anamuzembetsera ku America mu 2002. Michael Kovach, yemwe duwali linatchedwa dzina lake, anakaonekera kukhoti, koma akuba anali atasesa kale mapiri.

Musandiuze za mbale wawo Cypripedium calceolus, kuti nanga uyu bwanji sanathe. Uyu wamera kuchokera ku Ulaya mpaka ku Siberia, ali ndi kothawira. Komabe ku England okonda maluwa anamukumba mpaka kunatsala tsinde limodzi lokha ku Yorkshire, lochita kulondera! Zimene azungu akalewo anawononga m'zaka zambirimbiri, inu ndi mafoni anu mukumaliza nyengo imodzi ya mvula isanathe.

Njere za maluwa amenewa ndi fumbi chabe, sizimera popanda bowa wa m'nthaka, ndipo chomeracho chimatha zaka chisanachite duwa. Inu mukuti chipirira pawindo lanu lozizira? Chifota, mugula china, wokumba abwereranso kuphiri. Mbava ndani pamenepa, iye kapena inu otumiza ndalama?

Pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire, la CITES, linaletsa kugulitsa kunja Paphiopedilum ndi Phragmipedium zozulidwa kutchire. Zofesedwa m'mabotolo kunazale zilipo, zamapepala ake. Mukuvutikiranji ndi zakuba?

Akwathu musaseke, chikanda chimene tikukumba ku Nyika ndi orchid nachonso.

Wogulitsa akakanika kukuonetsani mapepala, bwezani ndalama m'thumba. Mwakula inu, lekani uchitsiru.