Inu osunga agalu kuno ku Mangochi, tandimverani

Ndakhala chete nthawi yaitali, koma zimene ndaona Lachiwiri lapitali zandisowetsa tulo. Mdzukulu wa mnansi wanga, kamtsikana ka zaka 6, kanalumidwa ndi galu pakachidendene pochokera kogula mandasi. Bala lake laling'ono, timabowo tiwiri ngati pobaya minga. Nditafika ndinapeza agogo ake atameta kale ubweya wa galuyo, akuuwotcha paphale kuti phulusa lake apake pabalapo. Mwini galu anali chiimire poteropo, manja m'thumba, akuti, "Musadandaule amayi, galu wangayu ndi wofatsa, amangosewera." Ndinamufunsa kuti, "Achimwene, galuyu munamubayitsa liti katemera wa chiwewe?" Anangozyolika. Zaka zinayi ali naye pakhomo, sanapite nayepo kwa alangizi a ziweto ngakhale kamodzi.

Phale lija ndinalichotsa pamoto ndi manja angawa. Tinamutengera mwanayo pamjigo, wina akupopa, ine ndikutsuka balalo ndi sopo wochapira kwa mphindi 15 zathunthu, mwana akulira, amayi ake akuti zakwana, ine ndikuti sizinakwane. Kenako kabaza, ulendo wa kuchipatala tsiku lomwelo.

Ana anga, chiwewe si malungo oti mumwa mankhwala n'kudzuka. Kachilombo kake kamakhala m'malovu a galu wodwala, kamalowera pabala, n'kumayenda pang'onopang'ono m'mitsempha kulunjika ku ubongo. Bala limapola, inu n'kuiwala. Pakapita miyezi iwiri kapena itatu, nthawi zina sabata imodzi yokha, nthawi zina mpaka chaka, mwana amayamba kutentha thupi, pachipsera paja kumayabwa kapena kuchita dzanzi. Kenako mukamupatsa madzi amanjenjemera, khosi kukana kumeza, dovu kumangotuluka, ngakhale kamphepo kakang'ono kumuopsa. Zikafika pamenepo palibe dokotala, palibe sing'anga, palibe duwa ya kumzikiti kapena pemphero la usiku wonse limene lingabweze katemera amene munamuzemba. Amene tinadikirirapo wodwala wotere sitifuna kuonanso. Ndiye pambuyo pake timayamba kulozana zala kuti wamulodza ndi uje, pomwe wolakwa ndi ife amene tinaona bala n'kunena kuti ndi kakang'ono.

A bungwe loona zaumoyo padziko lonse, WHO, amati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ndipo pafupifupi onsewo amachitenga kwa galu. Pafupifupi 4 mwa 10 aliwonse ndi ana, chifukwa mwana ndiye amanyamula kagalu, ndiye amaputa galu akudya, ndiponso ndiye amabisa akakandidwa poopa kukwapulidwa. Inu makolo amene mumathamangira chikwapu mwana akabwera ndi bala, dziwani kuti mukumuphunzitsa kubisa imfa yake.

Tsono ndibwere kwa inu eni agalu, poti nkhani yanga yagona pamenepo. Mumatenga kagalu chifukwa akuba avuta, ndikumvetsa. Koma mukakatenga mumakapatsa chiyani? Mkute ukatsala, basi. Ukapanda kutsala, kadzionere kokha. Ndiye tidabwe bwanji kuona agalu ali mbuu pamatandala a usipa ku Makawa ndi ku Malindi, ena akufukula zinyalala pamsika wa pa boma, ena akudutsa pa mlatho wa Bakili Muluzi usiku m'magulumagulu? Onsewo ali ndi eni ake. Nthiti zili pamtunda, makutu adzaza nkhupakupa, khungu lasupuka ndi mphere. Kutentha kwa kuno mu October mukukudziwa, mchenga umawotcha mapazi, koma galu wammangirira padzuwa ndi chingwe chachifupi, popanda ngakhale chigoba cha madzi. Ena mumamutsekera m'kabokosi tsiku lonse n'kumuthirira tsabola m'chakudya kuti akhale wolusa. Galu wozunzidwa chotero sasankha wakuba; akadula chingwe, woyamba kukumana naye ndi mwana wopita kusukulu kapena ku madrasa. Komanso pakati pathu pali anansi ambiri amene chipembedzo chawo chimawauza kupewa malovu a galu. Inu kumusiya wanu kuti azikanyambita mbale ndi ndowa zawo, ulemu wake uli pati?

Galu wamkazi akaswa, ndiye zimandiwawa koposa. Tiana tisanu ndi kamodzi m'thumba la feteleza, kukataya m'bango m'mbali mwa Shire. Chaka chathachi ndinatola tiwiri tamoyo m'thumba lotero, maso tisanatsegule bwino, nyerere zitatizinga. Kamodzi kanafa usiku womwewo, kena ndi kamene kakulondera khola langa la mbuzi lero. Ngati simufuna ana agalu, madokotala a ziweto amathena amphongo ndi kutseka aakazi. Funsani.

Katemera wa galu ndi kamodzi pachaka, ndipo pa nthawi ya kampeni nthawi zambiri amabaya mwaulere. Akatswiri amati agalu 7 mwa 10 aliwonse m'dera akabayidwa, chiwewe chimasowa podumphira n'kuzilala chokha. Ku Blantyre a bungwe la Mission Rabies anayamba kubaya agalu mwaunyinji mu 2015, ana asukulu akubwera nawo okha pa zingwe. Mayiko anagwirizana kuti pofika 2030 pasadzapezeke munthu wofa ndi chiwewe chochokera kwa galu, ndipo pa 28 September chaka chilichonse amakumbutsana za nthendayi. Koma ife chimkuzamawu chikadutsa kulengeza za katemera, timati tatanganidwa, kunyanja kwagwa usipa, galu wanga sagwirika. Sagwirika chifukwa chiyambire simunamusisitepo, amangodziwa mwala ndi phazi lanu.

Galu akaluma munthu, musathamangire kumugenda. Mumangeni pamthunzi, muzimupatsa chakudya ndi madzi, muwadziwitse alangizi a ziweto, ayang'aniridwe masiku 10. Koma wolumidwayo asadikire masikuwo ali kunyumba, ayi. Atsuke bala, apite kuchipatala lero lomwe. Mukapeza kuti pachipatala chaching'ono katemera palibe, funsani akutumizeni kumene alipo, ndipo mumalize majakisoni onse pa masiku amene akulemberani. Galu amene wasintha khalidwe mwadzidzidzi, akuluma mitengo ndi miyala, dovu lili chuchuchu, kapena nkhandwe yolowa m'mudzi masana yosaopa anthu, musayandikire, lowetsani ana m'nyumba.

Kamtsikana kaja kanalandira jakisoni wachiwiri Lachisanu, wina ndi Lachiwiri likudzali, ndipo ndidzakaperekeza ndekha. Galu uja tammangirira pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba ya mwini wake. M'mawa uliwonse ndimapita kukaona ngati wadya ndi kumwa madzi. Lero ndi tsiku lachisanu mwa masiku 10 aja.