Anzathu Beira anaimanganso, ife tikungomva "samukani"

Sabata yatha mvula inandipeza ku Beira ndikudikira kupakira mafuta. Inagwa usiku wonse, mvula yoti ikanakhala ku Limbe galimoto zikanasambira. Kutacha ndinayenda wapansi mpaka pa mtsinje wa Chiveve, uja umadutsa m'kati mwa tauni. Madzi anali kutsika bwinobwino kulowera kunyanja, amayi atayala kale malonda awo m'mbali mwa msewu. Pothera pa mtsinjewo pali zitseko zimene amatseka nyanja ikamakwera, n'kutsegula ikaphwa. Mtima unandiwawa chifukwa ndinaganiza za kwathu ku Nsanje.

Inu nonse mukukumbukira za namondwe wa Idai. Usiku wa pa 14 March 2019 namondweyo anatera pa Beira penipeni, ndipo a Red Cross ananena kuti pafupifupi 90 peresenti ya mzindawo inawonongeka. Malata anauluka, magetsi anazima, kolera inabuka. Anthu ambiri, ena mwa iwo Amalawi anzanga, ankati mzinda wokhala m'dambo, pamene mtsinje wa Pungwe umathira m'nyanja, ngofunika kungousiya. Kuusiya kuti apite kuti anthu oposa 500,000? Nanga dokolo mulinyamula pamutu? Mafuta ndi feteleza zambiri zimene timagwiritsa ntchito kuno, ngakhalenso ku Zimbabwe ndi ku Zambia, zimatsikira pomwepo. Wonena kuti Beira ithe asadzadandaule pamzere wa petulo.

Meya wawo wa nthawiyo, malemu Daviz Simango, anayendayenda kupempha thandizo loti mzinda umangidwenso. Ndipo sanayambire pa Idai. Ngalande zikuluzikulu za simenti anali atakumba kale ndi ndalama za World Bank, Chiveve anamukonza mothandizidwa ndi Germany, moti madera okhala ndi ngalandezo madzi sanachedwemo. Namondwe wa Eloise atabwera mu January 2021 anawononganso, koma Beira ilipo, sitima zikukocheza.

Tsono bwerani kwathu. Mu 2015 mtsinje wa Ruo unasefukira n'kumiza Makhanga. Mu 2019 Idai yemweyo, mu 2022 Ana, mu 2023 Freddy. Nthawi zonsezi mawu ndi amodzimodzi: samukirani kumtunda. Akuluakulu amabwera pa msasa ndi matumba a ufa, mabulangete ndi zidebe, amajambulitsa, amalankhula za kumtunda, basi apita. Kumtundako munda uli kuti? Mjigo uli kuti? Munthu amene moyo wake wonse wadalira dimba, wokolola chimanga ndi mbatata m'chilimwe pa dothi limene madzi amasiya, mukam'khazika pa miyala adya chiyani? Akabwerera kumadimba timati ngwamakani. Msewu ndi njanji za pakati pa Bangula ndi Chiromo zinakokoloka mu 1997, ndipo kwa zaka zoposa 20 anthu akhala akuwoloka pa bwato. Anzathu akumanga zitseko zoletsa nyanja yamchere, ife kamtunda kamodzi komweko katikanika mpaka ana obadwa chaka chimenecho ali ndi ana awo.

Sindikunena kuti ku Mozambique zonse zili bwino. Pitani ku Praia Nova, dera la m'mphepete mwa nyanja ku Beira komweko, mukaone nyumba zimene mafunde amafika pakhomo. Kumeneko ngalande za m'tauni sizithandiza kanthu. Pa msonkhano wa opereka thandizo umene unachitikira ku Beira komweko mu 2019 analonjeza madola 1.2 biliyoni, pomwe pankafunika 3.2 biliyoni. Ndipo nawonso amasamutsa anthu: ambiri a ku Buzi anawapititsa ku Guara-Guara. Ku Zimbabwe anthu a ku Chimanimani anakhalitsa m'matenti. Ndivomerenso kuti pali malo osayenera kubwererako. M'mphepete mwa phiri la Soche, kumene matope ndi miyala zinakwirira mabanja a ku Chilobwe nthawi ya Freddy, palibe ngalande ingapulumutse munthu. Kumeneko boma likati tsikani, ine ndili nalo.

Koma Chigwa cha Shire si phiri la Soche. Ndi nthaka yodyetsa anthu, ndipo madzi ake timadziwa kumene amadzera. Ndalama zimene timagulira matenti chaka ndi chaka tikanamangira zipupa zotchinga Ruo, sukulu ndi zipatala zokwezedwa pamwamba zoti anthu azithawirapo, ndi msewu woti ambulansi ifike ku East Bank, tsidya la kum'mawa kwa Shire, mu February. Amene mumakhala m'misonkhano ku Lilongwe, tsiku lina dzakwereni thanki yanga, ndidzakutsitsani pa Chiveve mukaone nokha.