Chenjezo kwa Amene Mukumwa Makapisozi Ngati Mtedza

Abale anga, makamaka inu makolo amene mukulera ana, ndalemba mawu awa nditapirira kwa nthawi yaitali, ndipo ndikupemphani kuti muwawerenge modekha ngakhale ena akuwaweni. Mwezi wathawu ndinagona pamaliro kumudzi kwathu, ndipo pakati pa usiku ndinaona mayi wina akumasula mfundo ya chitenje chake, natulutsa makapisozi atatu a amoxicillin, n'kupatsa mnzake amene ankayetsemula chifukwa cha chimfine. Anati makapisoziwo anatsala pamene mwana wake ankadwala, ndipo enawo anachita kugula pa okala. Pa anthu onse amene tinali pamenepo palibe amene anadabwa, ndipo ena anamuyamikira kuti ndi mayi wachifundo. Ine zinandipweteka mumtima, popeza ndinakalambira m'kalasi ndikuphunzitsa ana anu za maselo, ndipo ndinazindikira usiku umenewo kuti phunziro lija linatsalira pabolodi, silinafike m'nyumba zathu.

Ndiyambe ndi zimene ambiri munaziloweza pofuna kukhoza mayeso n'kuziiwala tsiku lomwelo. Chamoyo chilichonse, kaya ndi munthu, mbuzi, chimanga kapena bowa, chinamangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo. Robert Hooke wa ku England ndiye anawapatsa dzinali mu 1665 atayang'ana khungwa la mtengo pa maikulosikopu, ndipo patapita zaka pafupifupi khumi, Antonie van Leeuwenhoek wa ku Delft m'dziko la Netherlands, munthu wogulitsa nsalu amene ankadzisulira yekha magalasi, anaona mabakiteriya akuyenda m'dontho la madzi. Lero tikudziwa kuti maselo onse amagawika m'magulu awiri akuluakulu, ndipo kusiyana kwa magulu awiriwa ndi kumene kumachititsa kuti kapisozi aphe kachilombo koma osapha inu womwa.

Gulu loyamba limatchedwa prokaryote, ndipo mabakiteriya onse ali m'gulu limeneli. Selo la bakiteriya lili ngati mphala ya mnyamata, chipinda chimodzi chopanda zipinda zina m'kati, momwe mphasa, mbale ndi makasu zimangokhala pamodzi. Lilibe nyukiliyasi (kachipinda kosungiramo DNA), choncho DNA yake (malangizo a zachibadwa), imene nthawi zambiri imakhala yozungulira ngati chibangili, imangokhala poyera m'kati mwa selolo. Ndi laling'ono kwambiri moti mabakiteriya 1,000 atandandalika mzere umodzi angakwane milimita imodzi kapena iwiri basi. Koma mphala imeneyi ili ndi chinthu chimodzi chofunika kuchigwira bwino: kunja kwake, pa mabakiteriya ambiri, kuli khoma lolimba lomangidwa ndi chinthu chotchedwa peptidoglycan, ndipo khomali ndi limene limaletsa selolo kuphulika, popeza m'kati mwake mumakhala mothinana ngati mpira wopopa kwambiri.

Gulu lachiwiri limatchedwa eukaryote, ndipo m'menemo muli ife anthu, ziweto, zomera, bowa ndi chuku, komanso kachilombo ka malungo. Selo la gulu ili ndi lalikulu, ndipo lili ngati nyumba ya banja yokhala ndi zipinda zogawidwa bwino. DNA imatsekeredwa m'chipinda chakechake, chimene ndi nyukiliyasi. Muli mitochondria, amene ali ngati mafuwa pamene chakudya chimasandulika mphamvu. Muli tinjira topindapinda momwe mapuloteni amakonzedwera, ndi malo ena momwe amalongedzedwa asanatumizidwe kumene akufunika. Maselo a chimanga ali ndi khoma, koma ndi la mtundu wina, lopangidwa ndi cellulose. Maselo a thupi lathu alibe khoma n'komwe, amangokutidwa ndi kachikopa kofewa.

Tsono mvetsetsani chimene kapisozi uja amachita akalowa m'mimba. Amoxicillin ndi wa banja la penicillin, mankhwala amene Alexander Fleming anatulukira ku London mu 1928 ataona kuti chuku chimene chinamera m'mbale yake yoyesera chinapha mabakiteriya onse oyandikana nacho. Mankhwala a banja limeneli amagwira manja a mmisiri amene amamanga khoma la peptidoglycan, choncho bakiteriya akamakula n'kufuna kugawikana, khoma limakhala ndi ming'alu, madzi amalowa, ndipo selolo limaphulika. Inu simuphulika chifukwa maselo anu alibe khoma lotero. Mankhwala ena monga tetracycline, erythromycin, gentamicin ndi chloramphenicol amalowera khomo lina. Iwo amatseka ma ribosome, timakina timene timapanga mapuloteni, ndipo amatha kusankha chifukwa ma ribosome a bakiteriya ndi aang'ono, otchedwa 70S, pamene athu ndi okulirapo, otchedwa 80S. Pano ndipatuke pang'ono kuti ndinene chinthu chimene chinkadabwitsa ana a sukulu chaka chilichonse. Mitochondria a m'maselo athu ali ndi DNA yawoyawo ndi ma ribosome ofanana ndi a mabakiteriya, ndipo asayansi amagwirizana kuti kalekale anali mabakiteriya oima paokha amene anakhazikika m'kati mwa maselo ena. Ichi ndi china mwa zifukwa zimene gentamicin akachuluka amagonthetsa munthu, ndipo chloramphenicol amatha kusokoneza kapangidwe ka magazi m'mafupa. Mankhwala amenewa si maswiti oti azigawidwa pamaliro.

Ndikufunseni tsono, inu amene mumamwa amoxicillin mukangoyetsemula: kodi mukugumula khoma la ndani? Chimfine chimayamba ndi vairasi, ndipo vairasi si selo n'komwe. Ilibe khoma la peptidoglycan, ilibe ma ribosome, imangolowa m'selo lanu n'kubwereka zipangizo zanu kuti ichulukane. Kapisozi amafika n'kupeza palibe choti agwire. Chimfinecho chikatha pakapita masiku angapo, monga chimachitira nthawi zonse, mumatamanda kapisozi pa ntchito imene thupi lanu lagwira lokha.

Choipa koposa ndi chimene mumachita mwana akatentha thupi. Kachilombo ka malungo, Plasmodium falciparum, ndi eukaryote, kali ndi nyukiliyasi ngati selo lanu ndipo kalibe khoma limene amoxicillin amafuna. Mayi amene akupatsa mwana makapisozi masiku awiri atatu akudikira kuti thupi lizizire akupereka mpata kwa tizilombo kuti tiswe maselo ofiira a magazi, ndipo pofika kuchipatala mwana amakhala atakomoka kapena magazi atamuthera. Kuyeza malungo pachala kumatenga mphindi zosapitirira 20, ndipo mankhwala a malungo otchedwa LA amapezeka kwaulere m'zipatala za boma. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula. Nanunso abambo oweta nkhuku musaseke, chifukwa ndakuonani mukuthira ufa wa m'makapisozi m'madzi a nkhuku chitopa chikalowa m'mudzi, pamene chitopa ndi vairasi ndipo chimapewedwa ndi katemera amene alangizi a ziweto amapereka. Ndaonanso ena akuthira ufa womwewo pa zipere za ana, osadziwa kuti zipere zimayamba ndi fangasi, amenenso ndi eukaryote ndipo amafuna mankhwala ake osiyana.

Wina anganene kuti ngati kapisozi sanagwire ntchito, ndiye kuti wangotaya ndalama zake basi, ndipo nkhaniyo siikukhudza munthu wina. Apa ndi pamene mukulakwitsa kwambiri. M'thupi la munthu wathanzi muli mabakiteriya ochuluka mofanana ndi maselo ake enieni, ambiri mwa iwo ali m'matumbo, ndipo amathandiza kugaya chakudya ndi kutchinga malo kuti oipa asakhazikike. Kapisozi amene mwamwera chimfine sapeza vairasi, koma amapeza awa. Amapha ofooka n'kusiya olimba, ndipo olimbawo amatsala ndi munda wonse wopanda wopikisana nawo. Bakiteriya wotchedwa E. coli, zinthu zikamuyendera, amagawikana pa mphindi 20 zilizonse, moti mmodzi yekha akhoza kukhala oposa 2 miliyoni pakutha pa maola 7. Ena mwa olimbawo amatulutsa enzyme, mtundu wa puloteni, imene imadula penicillin asanafike pakhoma, ena ali ndi timapampu totulutsira mankhwala kunja.

Ndipo pali khalidwe lina la prokaryote limene ndikufuna kuti likuopseni. Kupatula DNA yaikulu ija, mabakiteriya ambiri amasunga timphete ting'onoting'ono ta DNA totchedwa plasmid, ndipo malangizo a momwe angagonjetsere mankhwala nthawi zambiri amalembedwa m'timphete timeneti. Ife anthu timapatsira zachibadwa kwa ana athu okha, koma bakiteriya amatha kukhudzana ndi mnzake kudzera m'kaulusi n'kumupatsa plasmid, monga momwe amayi amapatsirana moto pa mpanda, ngakhale mnzakeyo ali wa mtundu wina. Choncho bakiteriya wosavulaza wa m'matumbo mwanu, amene mwamuphunzitsa kupirira ndi makapisozi a pa okala, akhoza kupereka nzeruyo kwa amene amayambitsa taifodi kapena chibayo. Kuchokera m'chimbudzi mwanu amafika pachitsime, pa ndiwo zamasamba ndi m'manja mwa mzamba, ndipo amene amalipira ndi khanda la mnansi wanu limene silinamwepo kapisozi chibadwire.

Musaganize kuti izi ndi nkhani za kwa azungu. Fleming mwiniwake, polandira mphoto ya Nobel mu 1945, anachenjeza kuti kumwa penicillin wosakwanira kudzaphunzitsa tizilombo kupirira, ndipo mawu akewo akomera kuno kwathu atagonera. Ofufuza amene anasanthula magazi a odwala ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kuyambira 1998 mpaka 2016 anapeza kuti bakiteriya wotchedwa Klebsiella, amene amavuta kwambiri ana obadwa kumene, anasintha moopsa: mu 2003 amene ankapirira mankhwala a gulu la ceftriaxone anali pafupifupi mmodzi pa khumi alionse, koma pofika 2016 anali asanu ndi anayi pa khumi. Taifodi amene anabuka mumzinda womwewo kuyambira cha mu 2011 sankamva ampicillin, chloramphenicol kapena Bactrim, mankhwala atatu amene kale ankamuthetsa. Pa dziko lonse, anthu pafupifupi 1.27 miliyoni anamwalira mu 2019 chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo mayiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara ndi amene anakhudzidwa kwambiri. Anzanga a msinkhu wanga mukukumbukira chloroquine, momwe tinkamudalira pa malungo, mpaka analeka kugwira ntchito ndipo dziko lathu linamusiya mu 1993 n'kutenga Fansidar, amenenso anagonja nalowedwa m'malo ndi LA mu 2007. Tinataya mankhwala awiri m'zaka zosakwana 15, ndipo kachilombo ka malungo sikachulukana msanga ngati bakiteriya.

Kwa inu amene mwalandira mankhwala kuchipatala, imwani monga mwauzidwira, pa nthawi yake ndi masiku ake onse, ndipo musasiye chifukwa choti mwayamba kudya nsima. Izi ndikunena makamaka kwa odwala chifuwa chachikulu, chifukwa bakiteriya wake ali ndi khoma lokhuthala lamafuta ndipo amakula pang'onopang'ono, n'chifukwa chake mankhwala ake amatenga miyezi 6. Wosiyira panjira amabwerera ndi chifuwa chosamva mankhwala, ndipo amachigawira mkazi wake ndi ana m'nyumba. Ngati makapisozi atsala m'nyumba mwanu, dziwani kuti penapake zinalakwika, ndipo musawasungire mlendo.

Nanunso ogulitsa, amene mumayala makapisozi pa thumba pakati pa sopo ndi machesi, dzuwa likuwawomba tsiku lonse, ndipo mumagulitsa awiri kapena atatu molingana ndi ndalama imene munthu wagwira m'manja, ndikudziwa kuti mukufuna chakudya cha ana anu monga wina aliyense. Koma lamulo la dziko lino limati mankhwala amenewa azigulitsidwa m'malo ovomerezeka ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, kwa munthu amene walemberedwa ndi achipatala. Makapisozi awiri sachiza chibayo, amangokwanira kupha mabakiteriya ofooka ndi kusiya olimba, ndipo kasitomala wanuyo amatunga madzi pa mjigo womwewo umene ana anu amamwa.