Nyali za m'misewu si za m'mizinda yokha

Alembi, mwanena zoona kuti nyali za m'misewu zimadya magetsi ambiri ndipo bilu yake imagwera makhonsolo. Koma musatiiwale ife a kumaboma kuno.

Ine ndimagulitsa nthochi ndi mapeyala pa Chitakale ku Mulanje, ndipo ndimaweruka kutada. Pamene pali nyali, amayi timawerenga ndalama zathu mtima uli m'malo, akabaza amaona maenje, ogula amaima. Pamene palibe, munthu umayenda ndi tochi ya pafoni ukucheuka, makamaka chiperoni chikayamba, nkhungu itatsika m'phiri.

Mitengo ya magetsi amavomereza ndi a MERA, ogulitsa ndi a ESCOM. Nanga woona kuti nyali isamayake dzuwa likuswa mtengo ndani? Ndaionapo ina ikuyaka usana wonse, ndipo zinandiwawa, poti kachipangizo kozimitsa kukacha kalipo. Mababu a LED nawo amadya pafupifupi theka la magetsi a mababu achikasu akale aja.

Zoika nyali za sola m'misewu ndikugwirizana nazo. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire mu 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo mdima uja tonse tikuukumbukira. Nyali ya sola siidikira madzi a mu Shire. Komabe batire limatha pakapita zaka zingapo, ndipo kuno mitambo imaphimba dzuwa masiku angapo motsatizana. Lamulo linene poyera kuti wodzala mapolo azibweranso kudzakonza, ndipo gawo la msonkho wa pamsika umene timadula tsiku ndi tsiku lizigulira mabatire atsopano.